Brave, Pasipoti Ili Kuti?

Amati chikondi chimayesedwa ndi matenda, ena amati ndi umphawi. Bodza lokhalokha! Ine ndinachoka ku Ndirande ndi kachikwama kamodzi, lero mabwalo a ndege amene ndapondapo sindingawawerenge ndi zala, ndipo ndikukuuzani zimene ndaona: chikondi cha kunja kuno chimayesedwa ndi pasipoti.

Taonga anali namwino pachipatala cha ku Lewisham. Madzulo ena m'chaka cha 2005, kamvula ka ku London kosagwa kosaleka kaja kakuwaza, anaima pa siteji kudikira basi, foni pakhutu, akukalipira mchimwene wake wa ku Kasungu amene ankalira nsapato zatsopano.

Atangodula foni, ambulera yakuda inamuphimba pamutu.

"Pepani achemwali," anatero mawu a mwamuna. "Kukalipa kokoma chonchi ndinakumva komaliza pa depoti ya Lilongwe. Kalipaninso pang'ono, mtima wanga ukhale pansi."

Taonga anatembenuka. Mnyamata wamtali, jekete lachikopa, mano oyera mbee!

"Mumamvetsera za eni?"

"Za eni ayi, za kwathu. Ndine Brave Kachingwe. Ndimasamalira okalamba ku Peckham, koma lero ndapeza woti andisamalire ineyo."

"Basi yanga yafika."

"Ndi yanganso."

"Simunaone n'komwe nambala yake!"

"Kulikonse kumene ikupita, ndi kwathu."

Taonga anaseka. Kuseka kumeneko ndi kumene kunamugulitsa.

Pasanathe mwezi, kafoni kake kanali kosapuma. M'mawa: "Duwa langa la ku Kasungu, dzuwa lakana kutuluka, likuchita nawe manyazi." Masana: "Wadya, nthiti yanga? Ukapanda kudya njala imandipweteka ine." Ndani angalimbe? Mtsikana amene ankadzuka mumdima, kubwerera mumdima, osamva Chichewa sabata yathunthu, ndani akanamuuza kuti atseke makutu?

Tsiku lina akuyenda mu msewu wa Rye Lane ku Peckham, pakati pa fungo la nsomba zouma ndi nyimbo za m'masitolo a ku West Africa, anaima pa windo la kaofesi kogulitsa matikiti a ndege. Panali chithunzi cha mchenga woyera, miyala ikuluikulu yosalala, ndi nyanja yobiriwira. Pansi pake panalembedwa kuti Seychelles.

Brave anamugwira m'chiuno.

"Ukuona apo? Pa mwala uwo ndi pamene ndidzagwade. Ndidzakuveka mphete pa mchenga umenewo, nsomba zonse zikuchitira umboni."

"Ukulumbira?"

"Ndikalephera, undidule lilime."

Mwamuna akalonjeza pa windo amakhala akusewera. Vuto lake, mkazi amalemba mumtima. Taonga anapempha tchuthi cha mwezi wa Juni, ndipo chaka chatsopano chitangolowa anamukoka Brave dzanja mpaka mkati mwa kaofesi kaja.

Mwini wake anali ankolo Bonaventure, bambo wa ku Chipata wa mimba yaikulu ndi magalasi pamphuno. Ameneyo ndimamudziwa, tinakwerapo ndege imodzi ya ku Dubai, iye kumbuyo, ine kutsogolo.

"Seychelles!" anakuwa ankolo. "Ba sister, mwasankha bwino. Manje mverani. Kuja safuna viza, amakudindira ukafika. Koma osaganiza ati ni kumunda kwa ambuye ako. Chilumba ni ching'ono, safuna munthu wobwera kuzakhalilira. Afuna tikiti yobwerera. Afuna pepala ya hotela. Afuna aone ati uli na vodyera. Na pasipoti yamoyo, ine nimafuna ikhale na miyezi six kutsogolo, sinifuna vokangana pa eyapoti."

"Zonsezo n'zosavuta," anatero Taonga, akutulutsa pasipoti yake.

"Chinanso chimodzi. Tikiti yobwerera ikamba ati mubwerera ku London. Manje London ikufunani? Nifuna nione peji ya viza yanu ya kuno. Sinigulitsa tikiti kuli munthu wamene bazamukaniza kukwera pobwera."

Ankolo anatsegula pasipoti ya Taonga, n'kugwedeza mutu mokhutira. Kenako anatambasulira dzanja kwa Brave.

Brave anasisita matumba onse a jekete.

"Aa! Ndaiwala. Ili ku Romford kwa achemwali."

Achemwali amenewa Taonga anali asanawaonepo, koma ankawadziwa ngati Atate Wathu. Dzina lawo Petronella Kachingwe, namwino wamkulu ku Romford. Loweruka ndi Lamulungu lililonse Brave ankakhala kumeneko. "Ali okha, duwa langa, ndiwasiye?" Makalata ake onse ankafikira kumeneko, moti Taonga anaiona adiresiyo pa envulopu ina mpaka kuiloweza. Foni ikalira n'kulemba kuti "Achemwali", Brave ankatuluka panja kukayankha, ngakhale kukhale chisanu chotani.

"Undionetsa liti kwa alamu anga?" Taonga ankafunsa.

"Ndi ovuta, amayi a mvano enieni. Akufuna zinthu zidzere kwa ankhoswe. Dikira mphete kaye."

Pa Khirisimasi Taonga anawagulira alamu akewo chitenje chabwino, chobiriwira, cha mbalame zachikasu. Brave anabwera ndi yankho: "Akuti zikomo kwambiri, uli ndi diso."

Koma pasipoti sinabwere.

Sabata yoyamba: "Achemwali anatsekera m'kabati, apita ndi kiyi kuntchito."

Sabata yachiwiri: "Babe, bwanji tingopita ku Brighton? Nyanja ndi nyanja."

"Brighton kuli mchenga? Unalonjeza mchenga!"

Sabata yachitatu anabwera ndi fotokope ya peji imodzi yokha, ya nkhope yake. Ankolo Bonaventure anaiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana, nkhope yako naiona kale, ni iyi uli nayo apa. Nifuna viza."

Apa m'pamene mtima wa Taonga unayamba kuwerenga zinthu zimene maso ankazidumpha. N'chifukwa chiyani Brave sankapita kutchalitchi kumene Amalawi amakumana? N'chifukwa chiyani pa maliro a mwana wa kwathu ku Lewisham, pamene aliyense anabwera ndi chipepeso, iye anadwala mutu? Akamva Chichewa m'basi, bwanji ankatsitsa chipewa n'kuyamba Chingerezi?

Ndipo kachipinda kake ka ku Peckham! Bedi, malaya atatu, mswachi. Pamwamba pa wadiropu panali pambalambanda.

Inu amene simunayende, mverani. Mmalawi aliyense kunja kuno ali ndi chisutikesi chachikulu pamwamba pa wadiropu, chimene anabwera nacho, chimene amaponyamo nsapato za pa selo zokapatsa abale. Ndalowa m'nyumba za anthu athu ku Johannesburg, ku Dublin, ku Dallas, chisutikesi chimakhalapo. Nanga cha Brave chinali kuti?

Taonga anakamuuza mnzake Dyna, namwino mnzake, pa nthawi ya tiyi.

Dyna anaika kapu pansi. "Iwe, ukufunsa chiyani pamene yankho lavala jekete lachikopa? Munthuyo alibe mapepala!"

"Usatero, Dyna."

"Viza inatha kalekale! Akatuluka m'dziko muno sabwereranso. N'chifukwa chake akubisala kwa anthu, akuopa kuululidwa. Ndiye waona nesi wa mapepala ake, wati apa ndiye pa mlatho. Ukamukwatira, akadinditsa, udzaona fumbi lokha."

"Amandikonda."

"Amakonda peji yako ya viza, mwali."

Taonga anasowa mtendere. Foni ikalira, "Mwezi wanga, ndakusowa," ankaiyang'ana nthawi yaitali. Akusowa ine kapena chidindo? Pamene anandiphimba ndi ambulera paja, anaona nkhope kapena yunifolomu?

Koma mtima wa mkazi wokonda ndi wodabwitsa. Atalingalira masiku angapo anadziuza kuti: kusowa mapepala si ufiti. Ndi angati abale athu akugwira ntchito ndi maina a eni? Angondiuza zoona, ndimukhululukira. Ndimukwatira, tikonza zonse, Seychelles adikire.

Anamutumizira meseji: "Lachinayi masana tikumane kwa ankolo. Ubwere ndi pasipoti. Ukabwera wopanda, usadzandiimbirenso."

Yankho linabwera msanga: "Chilichonse chimene wanena, mfumukazi yanga."

Lachinayi Brave anafika atanyamula maluwa ofiira. Anapsompsona Taonga pamphumi, n'kupereka moni kwa ankolo.

"Pasipoti?" anatero Taonga.

"Duwa langa, tayamba walandira maluwa..."

"Pasipoti, Brave."

"Ndaganiza bwino. Juni kuja kumakhala mphepo. Bwanji chaka chamawa?"

Taonga anaika maluwa pa desiki. Anamugwira manja onse awiri, misozi ili m'maso.

"Wokondedwa, usavutikenso. Ndadziwa."

Nkhope ya Brave inachita phulusa. "Wadziwa chiyani?"

"Kuti ulibe mapepala. Viza yako inatha. Si mlandu kwa ine! Ndikukwatira, tipita kwa loya, tikonza. Ungondiuza zoona pano, pamaso pa ankolo."

Mukanaona! Mantha aja anachoka pankhope pake, m'malo mwake munalowa ukali. Kunja kuno mungamutukwane mwamuna za mphuno yake, za kwawo, aseka. Koma kumunena kuti alibe mapepala, pamaso pa mwamuna mnzake, ndiye mwamuvula.

"Ine? Ine Brave ndilibe mapepala? Wakuuza ndani? Dyna? Ukundiyesa wothawathawa ine, wogona m'tchalitchi kuopa apolisi?"

"Sindikukunyoza..."

"Ndinalowa pa eyapoti ya Heathrow masana dzuwa likuswa mtengo, mzungu anandiuza kuti welcome!"

Anapisa dzanja m'thumba la mkati mwa jekete. Pasipoti inali momwemo! Anaitsegula, n'kuimenyetsa pa desiki, chala chachikulu chitatsindika pansi pa pejiyo.

"Onani, ankolo! Werengani tsiku! Yatha imeneyi?"

Ankolo anaweramira. "Iyayi, ikali na moyo mpaka Seputembala. Chotsako chala nione bwino."

"Mwaona kale. Tsiku ndi limenelo."

Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba mwake. Anaisolola ndi dzanja lomwe lija linali pa pasipoti. Taonga anaona dzina likuwala: "Achemwali". Ndipo chizolowezi, abale anga, ndi mfiti yoposa mfiti zonse. Miyendo ya Brave inachita zimene inkachita nthawi zonse. Inamutulutsa panja, chitseko n'kutsekeka.

Pasipoti inatsala pa desiki, ili chitsegukire.

Ankolo Bonaventure anaikokera pafupi, anawerenga, kenako anavula magalasi. Anayamba kuitseka pang'onopang'ono.

"Ba sister, mwina mukambe naye mweka..."

"Ndipatseni."

"Mwana wanga..."

"Ankolo, ndipatseni!"

Viza inali yeniyeni, yonyezimira, yopanda banga. Pamalo pamene panali chala paja panali mzere waung'ono wonena chifukwa chimene mwini wake analoledwa kulowa m'dziko. Taonga ankaudziwa mzere umenewo. Anamwino anzake ambiri anaitanitsa amuna awo kuchokera kumudzi, ndipo m'mapasipoti a amunawo munkalembedwa chimodzimodzi. Liwu lake linali "spouse", kutanthauza mwamuna kapena mkazi wa munthu. Pambali pake: P. Kachingwe.

Sanali mlongo wake. Dzina la Kachingwe mayiyo sanabadwe nalo, analitengera kutchalitchi, atavala zoyera.

Taonga anabwera kudzapulumutsa munthu wopanda mapepala, wokonzeka kumupatsa dzina, nyumba, moyo wonse! Chonsecho mapepala anali bwinobwino, ndipo amene anawakonza anali mkazi wina, amene mwina pa nthawiyo ankafunsa mwamuna wake ngati wadya.

Pa windo, pafupi ndi chithunzi cha mchenga chija, Brave ankaseka pa foni, dzanja lili pachifuwa. Mmene ankachitira polumbira.

Taonga sanalire. Anaponya pasipoti ija m'chikwama mwake.

"Ankolo, muli ndi tiyi?"

"Alipo."

"Mupatseni. Mumuuze za maulendo anu onse. Musafulumire."

Ankolo anamuyang'ana, kenako anayatsa ketulo. "Niyambira ya ku Cairo. Ija ni itali."

Panja, Brave anaphimba foni ndi dzanja. "Ukupita kuti, mtima wanga?"

"Andiitana kuntchito. Lowa, ankolo akumalizitsa."

"Wakhulupirira tsopano?"

"Ndakhulupirira zonse."

Basi, kenako sitima ya ku Liverpool Street, kenako ina ya ku Romford. Njira yonse foni inkanjenjemera. Poyamba: "Ankolo nkhani zawo sizitha, ndakusowa kale." Kenako: "Babe, pasipoti watenga ndiwe?" Kenako: "Taonga uli kuti?" Kenako: "Yankha foni!" Maina okoma anathera pa siteshoni ya Stratford.

Nyumba inali yaing'ono, ya chitseko chofiira, kuseri kwa msika. Taonga anagogoda. Panapita nthawi, kenako chitseko chinatseguka.

Mayi wa nkhope yotopa, maso ofiira ndi tulo ta munthu wogwira ntchito usiku, duku kumutu. M'chiuno anamanga chitenje chobiriwira cha mbalame zachikasu.

Taonga anagwira khoma.

"Ndikuthandizeni?" anatero mayiyo m'Chingerezi.

"Ndinu mayi Petronella?"

Atamva Chichewa nkhope yawo inawala. "Ee, ndine! Mwana wa kwathu! Lowani, kunja kukuzizira."

"Sindikhalitsa. Chitenje chanu n'chokongola."

"Ichi? Bambo a kunyumba kuno anandigulira pa Khirisimasi. Anazungulira Peckham yense kuchisaka. Amuna ena satha kusankha, koma anga ali ndi diso." Anaseka. "Amagona komweko pakati pa sabata, ntchito yawo ndi ya mashifiti ovuta."

Kumbuyo kwawo, pakhoma la pabalaza, panali chithunzi cha ukwati. Pansi pa masitepe panali chisutikesi chachikulu chabuluu, chomangidwa ndi lamba.

Taonga anatulutsa pasipoti. Anaigwira ndi manja awiri, n'kupinda maondo pang'ono monga anaphunzitsidwira kwawo.

"Ndabweretsa katundu wanu, mayi. Anatayika."

Petronella anailandira, anaitsegula. "Ya Brave! Mwaitola kuti?"

"Pa desiki ya wogulitsa matikiti. Timapita ku Seychelles mu Juni. Amakandiveka mphete pa mchenga. Dzina langa ndi Taonga. Ndinkakutchulani kuti alamu. Anandiuza kuti ndinu mlongo wake. Chitenjecho ndinagula ndine."

Kunja galimoto inadutsa. Petronella anayang'ana chitenje, anayang'ana mtsikanayo, anayang'ananso chitenje. Sanakuwe. Anakhala pansi pa sitepe yoyamba, pafupi ndi sutikesi.

"Seychelles," anatero motsitsa. "Ine anandilonjeza ku Mauritius. Tili pachipatala cha Kamuzu Central, ndisanabwere kuno."

"Pepani, mayi. Sindinkadziwa. Mulungu ndi mboni."

"Ukanadziwa sukanabwera ndi maondo opinda." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kenako anaisiya msanga ngati yamuotcha. "Ndinagwira mashifiti a usiku chaka chathunthu kuti munthu ameneyu akwere ndege. Iwe ankakutchula kuti chiyani?"

"Iye ankanditchula duwa."

"Ine mwezi."

"Mwezinso ankanditchula."

Anayang'anana. Kuseka kumene kunatuluka apo kunali kowawa kuposa kulira.

Foni ya Petronella inalira patebulo. Sanadzuke. Anatsegula pasipoti pa peji ija, n'kuika chala chake pamene panali chala cha Brave.

"Imatha mu Seputembala," anatero. "Kuti aiwonjezere, wosaina ndine."

Anaitseka, n'kuiika m'thumba la sutikesi yabuluu ija.

"Pita bwino, mwana wa kwathu. Usaphonye tchuthi chako chifukwa cha galu wa eni."

Mu Juni, ndege inatera pa chilumba cha Mahé ku Seychelles m'mawa, nyanja ili mbali iyi, phiri mbali iyo. Ndinaterapo, ndikudziwa mmene mtima umadumphira! Taonga anaima pamzere atanyamula zonse zimene ankolo Bonaventure ananena: pasipoti yamoyo, tikiti yobwerera, pepala la hotela.

Wa imigireshoni anali mayi wonenepa womwetulira. Anatembenuza mapepala aja.

"Chipinda munalembetsa cha anthu awiri. Winayo ali kuti?"

Foni imene Taonga anali atangoiyatsa inanjenjemera m'dzanja lake. Nambala yachilendo. "Duwa langa, zonse ndingafotokoze. Petronella wandithamangitsa. Zija unanena za loya zija, unkanena zoona?"

Taonga anaizimitsa.

"Winayo sanakwanitse zofunika," anayankha.

Chidindo chinagunda pa peji yoyera. Pha!